SAT, ACT kapena IELTS: momwe mungasankhire mayeso oti mulembe musanawononge madola

Chimene chimandipweteka mtima ndi kuona mwana wanzeru zake, wakhoza bwino MSCE kapena IGCSE, akulipira mayeso atatu anayi a ku America chifukwa choti mnzake pa WhatsApp wamuuza kuti "lemba onse basi", pamene makolo avutika kupeza madolawo kubanki. Mayesowa amalipiridwa ndi khadi, m'madola, ndiye tiyeni tiyende bwinobwino.

Choyamba musayambe ndi mayeso, yambani ndi masukulu. Lembani papepala mayunivesite a ku America amene mukuwafuna, kenako lowani pa webusayiti ya iliyonse muone zimene akufuna chaka chimenecho. Nthawi ya Covid ambiri anasiya kukakamiza SAT ndi ACT, mayeso olowera ku yunivesite, koma yunivesite ya MIT inabwezeretsa mu 2022, ndipo mu 2024 Dartmouth, Yale, Brown ndi Harvard nawo analengeza kuti akufunanso mayeso. Pomwe University of California siyang'ana n'komwe SAT kapena ACT ngakhale mutatumiza. Ndiye mwaona, wina atha kulemba mayeso amene sukulu yake sidzawatsegula ngakhale pang'ono.

Kenako sankhani amodzi, SAT kapena ACT, osati onse awiri. Masukulu a ku America amalandira aliwonse mofanana. SAT ndi ya bungwe lotchedwa College Board, mamaki ake amayambira 400 kufika 1600, theka chingerezi theka masamu, ndipo kuyambira 2023 kunja kwa America imalembedwa pa laputopu kapena tabuleti kudzera pa apu yotchedwa Bluebook, pafupifupi maola awiri ndi mphindi 14. ACT imagoma pa 36 ndipo imafuna munthu wowerenga mwachangu. Njira yodziwira yanu ndi yosavuta, lembani practice test imodzi ya iliyonse mutatchera wotchi, foni itazimitsidwa, amene mwakhoza bwino ndi anu amenewo. Bluebook ili ndi mayeso oyeserera aulere, webusayiti yophunzirira ya Khan Academy nayonso ndi yaulere, bundle yokha ndiye yanu. Ndipo wina akakuuzani za SAT Subject Tests, mayeso a phunziro limodzilimodzi, dziwani kuti ali m'mbuyo, anazithetsa mu 2021.

Mayeso oonetsa kuti mumadziwa chingerezi ndi nkhani ina payokha. TOEFL, IELTS ndi Duolingo English Test amayesa chilankhulo basi, salowa m'malo mwa SAT. Popeza kuno timaphunzira m'chingerezi kuyambira ku pulayimale, masukulu ena amakhululuka mukawalembera imelo n'kufotokoza, ndiye funsani kaye musanalipire. Akakana, onani ngati amalandira Duolingo chifukwa ndi yotchipa ndipo mumalembera kunyumba, bola netiweki ndi magetsi zikhale zodalirika tsikulo. Zotsatira za mayeso a chingereziwa zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha, musathamangire kulemba muli Folomu 2.

Tsopano funso lalikulu, kubwereza SAT kapena ACT. Apa ndi pamene ndalama zambiri zimapita. Sakani pa Google dzina la sukulu pamodzi ndi mawu akuti Common Data Set, mupeza mamaki a ophunzira amene anatengedwa chaka chatha, gulu lapakati limene amati middle 50%. Ngati anu ali m'kati mwa gululo kapena pamwamba, siyani, nthawi imeneyo ipite ku essay ndi makalata a aphunzitsi otumiza pamodzi ndi fomu yofunsira malo. Ngati ali pansi, bwerezani, koma pokhapokha mutadziwa chimene chinakugwetsani ndipo muli ndi miyezi iwiri itatu yokonzekera, kubwereza osasintha kawerengedwe ndi kungolipiranso mamaki omwewo. Masukulu ambiri amachita superscore, kutanthauza kuti amatenga mamaki apamwamba a masamu pa tsiku lina ndi apamwamba a chingerezi pa tsiku linanso n'kuphatikiza, ndiye ngati masamu munakhoza kale mphamvu zonse ikani pa chingerezi. Koma chenjerani, ena ngati Georgetown amafuna kuona maulendo onse amene munalemba. Ine ndimaona kuti kawiri n'kokwanira, katatu pakhale chifukwa chenicheni.

Nanga sukulu ikati test-optional, kutanthauza kuti kutumiza mamaki a SAT kapena ACT n'kufuna kwanu? Mamaki akakhala abwino tumizani ndithu, chifukwa amene akuwerenga fomu yanu kumeneko mwina sadziwa kuti mapointi 6 pa MSCE ndi chinthu chachikulu bwanji, SAT ndi imene amaimva msanga.

Werengani kalendala chobwerera m'mbuyo. Early application, kufunsira malo koyambirira, nthawi zambiri imatseka pa 1 Novembala, regular, kufunsira kwa nthawi zonse, chakumayambiriro kwa Januwale, ndiye ulendo woyamba lembani miyezi ingapo zisanafike kuti mpata wobwereza ukhalepo. Malo olembera ndi ochepa ndipo amadzaza, lembetsani msanga, pasipoti ikhale ili m'manja ndipo dzina lifanane ndi limene mwalembetsa. Musanalipire kalikonse lankhulani ndi a EducationUSA, alangizi a maphunziro a ku America, ku ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe, uphungu wawo ndi waulere, muwafunsenso za malamulo a visa ya ophunzira chifukwa akhala akusintha.