Kulowa ntchito yofufuza chuma ndi makhalidwe oika moyo pachiswe

Ophunzira a economics amene amandifunsa za ntchito imeneyi nthawi zambiri amabwera ndi mtima wofuna kulangiza anthu kuti asiye kachasu, asiye fodya, azigwiritsa ntchito kondomu. Ulangizi uli ndi eni ake. Ife funso lathu ndi lina. Mtsikana uyu za HIV akuzidziwa bwino, nanga bwanji akupitabe kwa bambo wamkulu uja? Akupezako chiyani lero, ndipo n'chiyani chingamusinthe maganizo? Musamamuone ngati wopusa. Muzimuona ngati munthu amene akusankha pakati pa zinthu ziwiri zowawa, ndipo ntchito yanu ndi kuyeza kulemera kwa chilichonse.

Choyamba gwirani masamu. Kaya muli ku University of Malawi ku Zomba kapena kwina, musathawe statistics ndi econometrics (masamu oyezera nkhani za chuma), ndipo pulogalamu ya pakompyuta yosanthulira data, Stata kapena R, muiphunzire mpaka izolowereke m'manja. Osadikira kuti wina akupatseni data. Ya Integrated Household Survey (IHS), kafukufuku wa chuma cha mabanja wa National Statistical Office (NSO), komanso ya Malawi Demographic and Health Survey (MDHS), kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16, imapezeka ulere pa intaneti mukalembetsa. Tengani ya IHS, muone ndalama zimene mabanja osauka amaika ku mowa ndi fodya poyerekeza ndi olemera. Mudzavutika nayo masabata angapo, koma ndi mmene dzanja limakhwimira.

Kenako werengani zimene zinachitika kwathu konkuno, chifukwa kafukufuku wina wotchuka pankhaniyi anachitikira m'midzi yathu. Mu 2004, ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka, anthu anayezedwa HIV pakhomo pawo, ndipo aliyense ankapisa dzanja m'thumba kutola chitsekerero cha botolo cholembedwa ndalama, kuyambira pa ziro mpaka K300, yoti akalandire akapita kukamva zotsatira. Rebecca Thornton anapeza kuti mwa amene anatola ziro, 34 pa 100 alionse ndi amene anapita, koma kandalama kochepa kanachulukitsa chiwerengerocho pafupifupi kawiri. Ambiri ankati anthu akuopa kumva zotsatira, koma zinaoneka kuti mtunda wopita kokamva zotsatirazo ndi kuzengereza zinali ndi mphamvu yaikulu. Taganizirani za thumba lija. Palibe mfumu kapena wofufuza amene anasankha wolandira zambiri, choncho kusiyana kumene kunaoneka sitingakunamizire china.

Muwerengenso za ku Zomba, kumene Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler anayesa kupereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22 ndi makolo awo mu 2008 ndi 2009. Patatha miyezi 18, mwa atsikana a pasukulu amene ankalandira, 1.2 peresenti anali ndi HIV, pomwe mwa osalandira anali 3.0 peresenti. Koma musaimire pomwepo. Ofufuzawo atabwerera patatha zaka ziwiri ndalama zitaleka, zabwino zambiri zinali zitazilala. Ndipo Thornton ndi Hans-Peter Kohler atalonjeza anthu ndalama kuti asatenge kachilombo kwa chaka, lonjezolo silinasinthe kanthu. Ine zotsatira zokhumudwitsa ngati zimenezi ndimazilemekeza kwambiri, chifukwa zimapulumutsa ndalama za boma zimene zikanatayika.

Musanathamangire PhD, gwiraniko ntchito ya enumerator (wofunsa mafunso a kafukufuku) kapena research assistant, kaya ku bungwe lofufuza la Innovations for Poverty Action (IPA), kaya pa kafukufuku wa Malawi Longitudinal Study of Families and Health (MLSFH) amene wakhala akutsata mabanja akumudzi kuyambira 1998. Khalani pamphasa, tabuleti ili m'manja, mufunse mayi wa msinkhu wa amayi anu kuti wagona ndi amuna angati chaka chino. Mudzaona akuyang'ana kumbali, mwana akusuzumira pakhomo, yankho n'kubwera lofulumira kuti "m'modzi". Mukaziona zimenezi simudzakhulupiriranso nambala iliyonse mwachisawawa, ndipo mudzamvetsa chifukwa chake a ku Zomba anayeza magazi m'malo mongodalira zonena za anthu. Chilolezo cha NHSRC kapena COMREC, makomiti amene amaunika ndi kuvomereza kafukufuku wa zaumoyo, musachitenge ngati chikalata chongochedwetsa ntchito. Fayilo imodzi ya mayina ndi zotsatira za magazi ikatayika, banja la munthu likhoza kutha.

Masters ndi PhD njira zake zilipo. African Economic Research Consortium (AERC) ya ku Nairobi imathandiza ophunzira a economics a mu Africa. Ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS) kuli Health Economics and Policy Unit, imene yagwira ntchito limodzi ndi University of York. Amene mtima wanu uli pa misonkho ya fodya ndi mowa, yang'anani REEP, nthambi yofufuza za misonkho imeneyi ku University of Cape Town. Mukamagwira ntchito ndi ofufuza akunja, kambiranani za dzina lanu pa pepala ntchito isanayambe, ndipo muzipempha gawo la kusanthula data, osati kutanthauzira mafunso kokha.

Mutu wa thesis musaufunire kutali. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015: achinyamata anachepetsa kumwa, kapena anangosamukira ku timabotolo ndi kachasu? Malawi inalowa m'pangano la WHO lochepetsa kusuta fodya mu 2023, pamene fodya yemweyo ndiye amabweretsa ndalama zambiri zakunja. Kulinso kubetcha mpira pa foni, ndi akabaza oyenda opanda helmet. Sankhani umodzi, lembani tsamba limodzi lonena funso lanu, data imene mugwiritse ntchito ndi gulu limene muyerekezere nalo, mupite nalo kwa mphunzitsi wanu wa econometrics.