Musamamasule giya pamtsetse, mafuta sasungika motero

Inu madalaivala a kuno ku Chipata, makamaka a mataxi ndi maminibasi oyenda pa Great East Road, pali chizolowezi chimene ndikufuna tichisiye. Ambiri mukafika pamtsetse, monga m'mapiri a Manenekela, mumaika giya pa neutral, ena mpaka kuzimitsa injini, ati kusunga petulo.

Nzeru imeneyi ndi ya nthawi ya magalimoto a carburetor. Ma Corolla, Vitz ndi Noah amene adzaza m'tauni muno ali ndi fuel injection, ndiye kuti kompyuta ndiyo imayeza mafuta olowa mu injini. Galimoto ikamatsika ili m'giya, inu mutachotsa phazi pa accelerator, kompyuta yake imadula mafuta, ndipo matayala ndiwo amazunguza injini. Mukaika pa neutral, injini imayamba kumwa mafuta kuti isazime. Ndiye kuti womasula giyayo ndi amene akuwotcha ambiri. Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi mabuleki: ntchito yonse yogwira galimoto imatsalira iwo okha, amatentha, kenaka n'kusiya kugwira muli pakona, mwanyamula ana a eni. Mukazimitsa injini ndiye zoopsa zenizeni, chifukwa chiwongolero chimalemera ndipo mabuleki amauma. Tsikani ndi giya yaing'ono, injini ikuthandizeni kugwira galimoto.

Mafuta anu amathera kwina. Liwiro ndilo loyamba. Mukawirikiza liwiro kawiri, mphepo imakankha galimoto mwamphamvu kanayi, choncho paulendo wautali wa ku Lusaka woyenda pa 90 amafika ndi mafuta ambiri m'thanki kuposa woyenda pa 120. Katundu womangidwa padenga amawonjezera vutoli. Zija zonyamuka mwaukali, n'kudzaponda buleki mwadzidzidzi pa hampu ya ku Katete, nazonso ndi ndalama zotayidwa.

Matayala muziwapima m'mawa asanatenthe, kamodzi pamwezi. Mlingo wake walembedwa pakapepala komatidwa pakhomo la dalaivala, osati kungogogoda tayala ndi phazi. Tayala lochepa mpweya limalemetsa galimoto komanso limatha msanga m'mbali. Amene mumayenda m'misewu yafumbi ya kumidzi, muziona air filter, sefa ya mpweya wolowa mu injini, pafupipafupi m'chilimwe.

Podikira anthu ku Kapata kapena pamzere wa pachipata cha Mwami, zimitsani injini. Kuilizaliza pokopa okwera sikudzaza basi, kumangotsamwitsa amayi ogulitsa pambali ndi utsi. Lita iliyonse ya petulo imatulutsa mpweya wa carbon dioxide wokwana pafupifupi makilogalamu 2.3, ya dizilo pafupifupi 2.7, ndipo mpweya umenewu ndi umodzi mwa imene ikutenthetsa dziko ndi kusokoneza mvula imene alimi athu amadalira.

Mtengo wa papampu amaika ndi a ERB, bungwe la boma loyang'anira za mafuta ndi magetsi, inu simungausinthe. Koma yesani izi: dzazani thanki, lembani makilomita, yendani monga mwa masiku onse, mudzadzazenso n'kugawa makilomitawo ndi malita amene alowa. Mwezi wamawa mudzapimenso mutasintha kayendetsedwe, mudzafanizire.