Bambo akunyumba akapita kunja: mmene tinkalumikizirana komanso za kulalikira kumeneko

Amayi anzanga awiri a ku Mvano andifunsa sabata yomweyi kuti kodi tinkatani ife nthawi imene bambo a Chisomo anali kusukulu ku Glasgow, ku Scotland, chaka chathunthu, ndiye ndati ndingolemba kamodzi aliyense adziwerengere yekha. Si kuti ndife akatswiri ayi, zina tinaphunzira titakangana kale.

Yambani asanakwere ndege. Pitani limodzi kwa abusa mukatenge kalata ya mpingo, yonena kuti munthuyu ndi mkhristu wathu, amadya mgonero. Kwa ife a CCAP, ku Scotland ndi ngati kwa agogo, poti Blantyre Mission anayiyambitsa ndi a Church of Scotland mu 1876, ndiye kalata ija atangoionetsa kutchalitchi chapafupi anawalandira ngati mwana wobwerera kumudzi. Mu sutikesi muikemo Buku Lopatulika lenileni la pepala ndi Nyimbo za Mulungu, za pafoni ndi zabwino koma tsiku lina mtima umangofuna kutsegula buku lako lomwe unalembalembamo. Nyama ndi zamkaka musawalongedzere, ku UK sazilola. Adaputala musavutike kugula, mapulagi awo ndi a mano atatu ngati athu omwewa.

Nambala ya WhatsApp asasinthe. Akagula SIM yakumeneko WhatsApp ikhalebe pa nambala ya kuno, apo ayi abale theka amasowa ndipo gulu la mpingo limawataya.

Tsopano nkhani ya nthawi, apa ndi pomwe ndinapsa mtima ine. Tinagwirizana kuti tiziyankhulana 8 koloko usiku nthawi yathu, kwawo ili 7. Zinayenda bwinobwino mwezi wa September, kenako Lamulungu lomaliza la October ndadikira 8, 8:30, foni zii, ine maganizo ali kutali kale kuti eeh ayamba, anthu aja ankanena zoona. 9 koloko ndi awo akuimba ali phee ngati palibe chachitika. Kani kumeneko amabweza wotchi ndi ola limodzi tsiku limenelo, ndipo amadzaikankhanso kutsogolo Lamulungu lomaliza la March. Ndiye dziwani kuti kuyambira kumapeto kwa October mpaka March timasiyana maola awiri, miyezi inayo ola limodzi. Pogwirizana nenani kuti nthawi ya Malawi, basi, winayo ndiye aziwerengera.

Video call tsiku lililonse bandulo simungaikwanitse, komanso netiweki ikamadukaduka mumangokhalira "mukundimva? mukundimva?" mpaka kutopetsana. Ife video inali ya Lamulungu madzulo ana ali pompo, masiku enawo ma voice note ndi kuimbirana kwa mphindi khumi kaya khumi ndi zisanu. Pawabanki izikhala yodzaza nthawi zonse chifukwa magetsi amazima nthawi yomwe mwapangana ija. Ndipo tinali ndi lamulo loti pemphero liyambe, zina pambuyo. Tinkawerenga chaputala chimodzimodzi aliyense kwake mmawa, usiku nkuuzana vesi imene yakukhudza, tsiku lonyamuka pa bwalo la ndege la KIA tinayambira Salimo 121. Zikumveka zauzimu kwambiri koma kunena zoona zinatithandiza pa chinthu china, foni isasanduke ofesi ya madandaulo. Chifukwa mukapanda kusamala kuimba kulikonse kumakhala fizi, feteleza, alamu akufuna thandizo, denga likudontha, mpaka munthu akaona dzina lanu pa sikirini mtima umagunda. Za ndalama tinazipatsa tsiku lake, Loweruka, ndipo abale tinawauziratu kuti wapita kusukulu, sanapite kukatola ndalama.

Muwamvetsere bwino mu December. Ku Glasgow dzuwa limatuluka cha m'ma 8:45 ndipo 4 koloko isanakwane kwada kale, kuzizira, mvula ya nyesinyesi, munthu ali yekha m'kachipinda. Abambo athuwa sanena kuti ndasungulumwa, amangoti ndili bwino mawu ali olemera. Ine ndinkajambula kwaya ikuimba kutchalitchi, ngakhale phokoso la ana akulimbirana nkhoko, nkutumiza.

Za kuuza ena uthenga tsono. Bambo anapita ndi moto, akuti ndikukabweza ngongole kwa anthu amene anatibweretsera Mawu. Atafika anapeza zina. Kalembera wa 2022 anaonetsa kuti anthu opitirira theka ku Scotland, 51 pa 100 aliwonse, amati alibe chipembedzo, matchalitchi ena akuluakulu amiyala anasanduka malo omwera ndi nyumba zogona, ndipo Lamulungu mumapeza agogo ochepa, mapemphero ola limodzi atha. Kulalikira kwa m'basi kuja, koimirira nkutsegula Baibulo basi isananyamuke pa depoti, kumeneko anthu amangovala mahedifoni. Kuntchito kapena m'kalasi ndiye samalani zedi, chipembedzo amachitenga ngati nkhani ya munthu payekha, ukamukakamiza akhoza kukakudandaulira.

Chimene chinagwira ntchito ndi nsima, ndikunena zoona. Ufa umapezeka m'mashopu a zakudya za ku Africa, ndiye Lachisanu lina ankaitana anzawo awiri atatu a m'kalasi, kuphika nsima, nkhuku, kabichi, asanadye nkunena kuti kwathu timayamba tapemphera, mundilole. Palibe anakanapo. Mafunso amabwera okha pambuyo pake, wina anafunsa kuti mumapempheradi tsiku lililonse ndi akazi anu pafoni, chifukwa chani? Apo ndiye poyankhira, modekha, monga 1 Petro 3:15 imanenera, osati kumuyalira ulaliki wa maola awiri. Ndiponso kutchula kuti ndine wa ku Malawi kumatsegula makomo, ambiri amadziwa za David Livingstone, ena sukulu yawo kapena tchalitchi cha amayi awo chili pa ubale ndi kwathu kuno. Kwawo kwa Livingstone ku Blantyre yakumeneko ndi kufupi ndi Glasgow, nyumba imene anabadwiramo mu 1813 pano ndi myuziyamu, bambo anapitako ndi mnzawo wina wosapemphera ndipo nkhani ya chikhulupiriro inayambira pa sitima pobwerera.

Inu otsala muli ndi mbali yanu. Akakuuzani dzina la munthu amene acheza naye, lilembeni, muzimutchula popemphera, koma musakaliponye pa gulu la WhatsApp la mpingo ndi chithunzi chake ngati wagwidwa mu msonkhano wachitsitsimutso, mwini wake sanavomere zimenezo. Ndipo musamafunse kuti mwatembenuza angati. Ine ndinafunsapo kamodzi mwanthabwala, anakhala chete kenako anati mayi a Chisomo, chaka chonsechi mmodzi yekha ndi amene wapita nane kutchalitchi, kawiri. Mnyamatayo mpaka lero amatumiza uthenga pa Khirisimasi kufunsa ngati Chisomo anakhoza mayeso.