Kukacheza ku Cape Town kuchokera ku Lilongwe: mphepo, chakudya ndi minda ya mphesa

Ku Cape Town ndondomeko ya tsiku imalamulidwa ndi mphepo. Mutha kulemba papepala kuti Lolemba tidzakwera phiri, Lachiwiri tidzawoloka kupita ku chilumba cha Robben Island, koma mphepo yochokera kummwera chakummawa, imene eni ake amaitcha Cape Doctor, ikangowomba mwamphamvu, cable car, ngolo yoyenda pa chingwe yokweza anthu pa phiri la Table Mountain, imaima ndipo maboti amatha kulephera kunyamuka. Choncho malo awiriwa muwaike kumayambiriro kwa ulendo, kuti akakanika mukhale ndi masiku ena oyeseranso. Chakudya ndi vinyo zingadikire, chifukwa zimenezo zimatheka ngakhale kunja kuli mvula. Ulendo wa masiku asanu kapena asanu ndi limodzi ndi wokwanira bwino. Masiku atatu ndi ochepa.

Nyengo ya kumeneko ndi yosemphana ndi yathu. Ife mvula timailandira kuyambira Novembala mpaka Epulo, pomwe Cape Town imagwa mvula mu Juni, Julayi ndi Ogasiti, limodzi ndi kuzizira kolowa m'mafupa. Disembala ndi Januwale kumauma, dzuwa limalowa cha m'ma 8 koloko usiku, koma ndiyo nthawi ya mphepo yamphamvu, ya khamu la alendo ndi mitengo yokwera ya malo ogona. Miyezi yabwino kwa munthu wofuna phiri ndi vinyo ndi Febuluwale, Malichi ndi Epulo: kukolola mphesa kumakhala kuli mkati ndipo mphepo imayamba kufatsa. Mwezi uliwonse umene mupite, jekete musaisiye.

Zokonzeratu muli ku Lilongwe

Mmalawi wa pasipoti wamba amalowa mu South Africa popanda visa ndipo amapatsidwa masiku osapitirira 30. Pasipoti ikhale ndi masamba awiri opanda chidindo, ndipo isakhale yotha mphamvu pasanadutse masiku 30 kuchokera tsiku lobwerera. Wa olowa ndi kutuluka akadinda, werengani deti limene walemba musanachoke pa windo, chifukwa limenelo ndilo lamulo, osati masiku amene mumaganizira inu. Mukapitiriza masiku, potuluka amakuletsani kulowanso m'dzikomo: chaka chimodzi ngati mwapitiriza masiku osafika 30, zaka zisanu ngati apitirira pamenepo. Sungani pafupi tikiti yobwerera ndi adiresi ya kumene mukagone.

Pandege, njira yowongoka ndi kunyamukira pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi kukatera ku O.R. Tambo ku Johannesburg, ulendo wa maola awiri ndi theka, kenako ndege ina ya maola awiri kukafika ku Cape Town. Pamene anthu ambiri amapunthwa ndi posinthira ndege. Ku Johannesburg ndiko mumadindidwa, kutenga chikwama, kudutsa kwa a kasitomu ndi kukachiperekanso ku mbali ya ndege zam'dziko. Siyani maola atatu pakati pa ndege ziwirizo. Ngati matikiti mwagula padera, kampani yachiwiri siikudziwa za kuchedwa kwa yoyamba, ndiye ikakusiyani mugula tikiti ina. Onaninso ngati tikiti yotchipa ya m'dzikomo ikuphatikizapo chikwama chachikulu, pakuti zambiri zimangolola kachikwama kapamanja ka makilogalamu 7. Amene mwasankha kuzungulira ku Nairobi kapena ku Addis Ababa ndipo mukakhalako maola opitirira 12, tengani khadi ya katemera wa yellow fever.

Pabasi mumatulukira pa chipata cha Dedza, kudutsa ku Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge mpaka Park Station ku Joni. Ndi ulendo wopitirira tsiku limodzi ndi usiku wake, kutengera mzere wa pa Beitbridge, ndipo kuchokera ku Joni kwatsalabe makilomita pafupifupi 1,400. Amene nthawi ili yochepa angachite bwino kukwera basi mpaka ku Joni n'kumalizira pandege.

Za ndalama yambani msanga. Banki imafuna pasipoti ndi tikiti kuti ikugulitseni ndalama zakunja, ndipo ndi kuvuta kwa ndalamazi kuno, kupita kutatsala masiku awiri ndi kudziika pachiswe. Funsaninso kuti khadi yanu ikuloledwa kugwiritsa ndalama zingati kunja, chifukwa ku Cape Town malo ambiri, kuphatikizapo zipata za malo osungira zachilengedwe, amafuna khadi osati ndalama zapamanja. Kanthu kena kakang'ono: mapulagi athu a mano atatu ophwatalala salowa m'masoketi a kumeneko, amene mabowo ake ndi ozungulira. Gulani adaputala. Wotchi musasinthe, nthawi ndi imodzimodzi.

Mukafika

Bwalo la ndege lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchokera pakati pa mzinda. Itanani Uber kapena Bolt pa foni, yerekezani nambala ya galimoto ndi imene yaoneka pa foniyo, ndipo musatsatire aliyense wokukokani pakhomo kuti ali ndi takisi. Simu khadi ya Vodacom kapena MTN amailembetsa ndi pasipoti. Mabasi a mumzinda a MyCiTi salandira ndalama m'basi. Mumagula khadi ya myconnect n'kuikamo ndalama. Wobwereka galimoto savutika chifukwa amayendetsa kumanzere ngati kuno, koma pa msewu wa N2 musalole foni kukukhotetserani m'njira zachidule zolowa m'makomboni amene simukuwadziwa, ndipo m'galimoto yoimikidwa musasiye kanthu pooneka, ngakhale juzi.

Malo ogona sankhani kumene mungayende wapansi: Sea Point, Green Point, Gardens kapena Observatory kwa ofuna zotsikirapo mtengo. Ambiri tili ndi achibale ku Hout Bay, Masiphumelele kapena Dunoon, ndipo kufikira kwa wachibale kumapulumutsa ndalama, koma werengerani ya mayendedwe ndi kubwerera kusanade. Wina akakuimitsani m'tauni n'kunena kuti mukufunika chilolezo choyendera mumsewuwo ndipo mulipire pa ATM, ameneyo ndi wakuba makhadi. Chilolezo chotero kulibe. Pangozi imbani 112.

Phiri, chilumba ndi nyanja

Nsonga ya Table Mountain ili mamita pafupifupi 1,085 kuchokera pa nyanja, kutalika kosasiyana kwenikweni ndi kumene mzinda wa Lilongwe wakhala. Pafupi ndi Sapitwa wa mamita 3,002 phirili ndi mwana, koma limanyamuka chiriri kuchokera m'mphepete mwa nyanja, n'chifukwa chake limaoneka lalikulu chomwecho. Mukadzuka n'kuona pamwamba pake pali mbee, popanda mtambo woyera uja wokhala ngati nsalu ya patebulo, siyani zonse mupite. Cable car, imene inayamba kuyenda mu 1929, imakwera mphindi zisanu zokha ndipo pansi pake pamazungulira kuti aliyense aone mbali zonse. Tikiti gulirani pa intaneti, ndipo onani pa tsamba lawo ngati atsegula musanalipire Uber. Pakati pa chaka amatseka kwa masiku angapo kuti akonze makina.

Okwera wapansi njira yodziwika ndi Platteklip Gorge, maola awiri kapena atatu a masitepe amiyala opanda mthunzi wokwanira. Nyamukani m'mamawa, mukhale anthu atatu kapena anayi, aliyense ndi malita awiri a madzi ndi jekete. Cholakwika chofala ndi kukwera mochedwa podalira kuti potsika tikwera cable car. Mphepo ikayamba amatseka, ndiye mumatsika wapansi mawondo atatha kale, chifunga chitaphimba njira.

Maboti a ku Robben Island amanyamukira pa Nelson Mandela Gateway ku V&A Waterfront, ndipo ulendo wonse umatenga maola pafupifupi anayi. Mandela anakhala pachilumbachi zaka 18 mwa zaka 27 za ukaidi wake, kuyambira 1964 mpaka 1982. Sungitsani malo masiku angapo nthawi isanakwane, makamaka boti la m'mawa nyanja isanawinduke. Amene mumachita nseru pamadzi imwani mankhwala musanakwere. Mafunde ake si a pa Senga Bay.

Tsiku lina lathunthu lipatseni msewu wozungulira kummwera: Hout Bay, Chapman's Peak Drive wolipira uja wosemedwa m'mbali mwa phiri, Cape Point, kenako Boulders Beach ku Simon's Town kukaona mapengwini, n'kubwerera kudzera ku Kalk Bay ndi Muizenberg. Pa Cape Point ndi pa Boulders nzika za mayiko a SADC zimalipira mtengo wotsikirapo kusiyana ndi alendo akutali, koma pokhapokha muonetse pasipoti, choncho musaisiye kuchipinda. Anyani a kumeneko amatsegula zitseko za galimoto; kiyani ndipo musawapatse chakudya.

Kusambira kumafuna chenjezo lapadera kwa ife ozolowera nyanja ya Malawi. Madzi a ku Camps Bay ndi Clifton ndi ozizira zedi ngakhale m'chilimwe, chifukwa mphepo ija imakankha madzi apamwamba n'kukweza ozizira apansi. Ku Muizenberg ndi ofundirako. Sambirani pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu pomwe pali opulumutsa anthu. Madzi akayamba kukukokerani mkati, musalimbane nawo molunjika kumtunda. Yandamani, kwezani dzanja, sambirani cham'mbali motsata gombe mpaka mutuluke mu mkokomowo.

Zakudya

Yambirani ku Bo-Kaap, dera la nyumba zamitundumitundu kumene kuli mzikiti wa Auwal wa m'chaka cha 1794. Kaphikidwe ka kumeneko kanabwera ndi anthu amene anatengedwa ukapolo kuchokera ku Indonesia, India, Madagascar ndi Mozambique, ndipo mbiri yawo mungakaimve ku Slave Lodge pa msewu wa Adderley. Lawani bobotie, nyama yogaya ya zokometsera yotsekemera pang'ono, yophimbidwa ndi mazira ndi mkaka, imene amadyera mpunga wachikasu. Bredie ndi nyama ya nkhosa yophikidwa nthawi yaitali ndi matimati kapena masamba. Koesister ndi wachibale wa mandasi, wonunkhira sinamoni, woviikidwa mu madzi a shuga n'kuwazidwa kokonati, ndipo tsiku lake ndi Lamulungu m'mawa. Abale achisilamu savutika, chakudya cha halaal chili ponseponse.

Gatsby ndi buledi wautali ngati mkono wodzaza tchipisi, nyama kapena soseji ndi sosi. Mmodzi amakwanira anthu atatu kapena anayi, ndiye musaitanitse aliyense wake. Nsomba idyereni pa doko, ku Hout Bay kapena Kalk Bay. Hake ndi yofewa, yaminga yochepa, yoyenera ana. Snoek ndi yamafuta, yokoma ikawotchedwa ndi jamu wa apurikoti, koma ili ndi minga zazitali. Wodziwa kudya chambo ndi manja sangavutike nayo. Nkhono zam'nyanja musazitole nokha pamiyala, chifukwa nthawi zina zimakhala ndi poizoni amene kuphika sikumupha. Nsima ikakusowani funsani pap pa malo owotcha nyama. Mu lesitilanti yokhala pansi onjezerani 10 mpaka 15 peresenti ya woperekera zakudya, mutaona kaye ngati sanaiike kale pa bilu. Nthawi zina woperekerayo amakhala wakwathu, moti moni wa Chichewa sapita pachabe. Madzi a pampopi ndi abwino kumwa.

Kuminda ya mphesa

Vinyo woyamba kumeneko anafinyidwa mu 1659. Ngati muli ndi theka la tsiku, pitani ku Groot Constantia, munda wa m'chaka cha 1685 umene uli mkati mwa mzinda momwemo. Ngati muli ndi tsiku lonse, Stellenbosch ili makilomita pafupifupi 50, ndipo Franschhoek, kumene anakhazikika Afalansa othawa chizunzo cha chipembedzo mu 1688, ili patsogolo pake pang'ono. Ku Franschhoek kuli kasitima kotchedwa Wine Tram kamene kamakutulani munda ndi munda, yankho labwino kwa gulu lopanda dalaivala wosamwa.

Kulawa kumayenda chonchi: mumalipira, amakuthirirani pang'onopang'ono mitundu isanu kapena isanu ndi umodzi, kuyambira woyera, kenako wofiira, wotsekemera pomaliza. Gwirani tambula pa mwendo wake kuti dzanja lisatenthetse vinyo, zunguzani, nunkhizani, kenako lawani. Kabeseni kamene kali patebulo ndi kolavuliramo kapena kukhuthuliramo wotsala, ndipo kutero si mwano. Mitundu iwiri yosayenera kuiphonya ndi Chenin Blanc, mphesa yolimidwa kwambiri m'dzikomo, ndi Pinotage, imene Abraham Perold anaipanga ku Stellenbosch mu 1925 pokwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut. Wathovu amamutcha Cap Classique.

Minda itatu pa tsiku ndiyo malire. Ukafika wachinayi lilime silisiyanitsanso kanthu. Vinyo amakhala ndi mphamvu ya 12 mpaka 14 peresenti, kuposa kawiri ya mowa wa m'botolo umene tinazolowera, ndipo m'zigwazo Febuluwale amatentha kwambiri, ndiye idyani kaye ndipo muzimwa madzi pakati. Lamulo la pamsewu limalola mowa wosafika 0.05 galamu pa mamililita 100 a magazi, mlingo umene mutha kuupitirira pa munda woyamba. Osamwa mowa asadzione otsalira: minda yambiri ili ndi madzi a mphesa, tchizi, chokoleti ndi malo odyera pansi pa mitengo.

Mabotolo amene mwagula musawasiye m'galimoto padzuwa, kutentha kumawononga vinyo ndipo kumakankha chotsekera. Pobwerera alowe m'chikwama chachikulu, osati chapamanja, lililonse m'pepala la pulasitiki, lokulungidwa m'zovala, pakati pa chikwamacho. Botolo limodzi lodzaza limalemera kupitirira kilogalamu imodzi, ndiye anayi okha adya kale makilogalamu asanu a katundu wanu. Pa katundu amene mukutuluka naye, ngati zonse pamodzi zaposa R250, mutha kuitanitsa VAT ya 15 peresenti ku O.R. Tambo, amafuna malisiti a tax invoice ndipo katunduyo amamuona musanapereke chikwama. Mlingo wa mowa wololedwa kulowa nawo kuno popanda msonkho ufunseni kwa a MRA musananyamuke, ndipo wopitirira pamenepo mumutchule pa kasitomu mukatera pa Kamuzu.