Lembani mgwirizano khasu lisanalowe m'munda

Nyengo yowokera mpunga ikafika ku Lifuwu, kapena nzimbe zikayamba kudulidwa ku Dwangwa, milandu yambiri yofika kwa a nyakwawa imakhala ya malipiro. Waganyu akuti tinapangana ndime zisanu, mwini munda akuti zisanu ndi ziwiri, mboni palibe. Ndinakhalapo pa bwalo lina pomwe mnyamata anatulutsa kachingwe komanga mfundo, tsiku lililonse mfundo imodzi, abwana ake n'kumakana kuti masikuwo sanakwane choncho. Anthu anaseka, koma pa onse awiri amene anali ndi umboni anali mnyamatayo.

Ophunzira a ku yunivesite akabwera kudzacheza ndi magulu a alimi amalankhula za ntchito yaulemu, mfundo imene ili pa nambala 8 mwa zolinga za chitukuko zomwe mayiko a United Nations anagwirizana mu 2015. Kwathu kuno mfundo imeneyi imayambira pa kope la sukulu ndi bolopeni.

Alimi anzanga, musanamuonetse munthu munda khalani naye pansi. Lembani dzina lake, ntchito yake, kukula kwa ndime (yezani ndi chingwe nonse muli pomwepo, mapazi a anthu satalika mofanana), mtengo wake ndi tsiku lolipira. Nsima ya masana ngati ilipo, nenani poyera ngati ikuchotsedwa pa malipiro kapena ayi, chifukwa apa ndi pamene anthu amadanirana. Amene sadziwa kulemba adinde chala, mboni isayine, aliyense atenge pepala lake. Madzulo aliwonse kapitawo azichonga tsikulo mwini wake akuona. Mukalipira pa Mpamba kapena Airtel Money, uthengawo musafufute.

Mawu oti "tidzaona pokolola" ine ndimadana nawo. Mvula ikadula, kapena Bua akasefukira n'kukokolola mpunga, amene amagona ndi njala ndi uja anapalira miyezi itatu asanalandire kanthu. Ulimi wa matenanti, uja wogwira ntchito m'munda wa mwini n'kudikira malipiro mpaka mbewu zitagulitsidwa, unathetsedwa ndi lamulo mu 2021, ndiye tisaubwezere pakhomo lakuseri pousintha dzina.

Lamulo la zantchito la 2000 limanena kuti amene walemba anthu asanu kapena kuposerapo apatse aliyense chikalata cha ntchito pasanathe mwezi. Sabata ya ntchito ndi maola 48. Opitirira apo amalipidwa kamodzi ndi theka, ndipo a tsiku lopuma amalipidwa kawiri. Mayi woyembekezera ali ndi masabata 8 a tchuthi cholipidwa m'zaka zitatu zilizonse, ndipo akamaliza ndime yofanana ndi ya bambo alandire zofanana. Malipiro otsikitsitsa boma limawasintha nthawi ndi nthawi, choncho funsani ku ofesi ya leba pa boma, Salima kapena Nkhotakota, musanatchule mtengo wa pamwezi.

Za ana ndisabise. Mwana wosakwana zaka 14 salembedwa ntchito, ndipo wosakwana 18 musamusenzetse sipuleya ya thonje kapena kumupatsa chikwanje cha nzimbe. Kuyingitsa mbalame mu mpunga kumaoneka kopepuka, koma mbalame zimabwera m'mawa, nthawi yomwe belu la kusukulu likulira. Wamkulu wopopera mankhwala mumupatse majombo, magolovesi, chophimba pamphuno ndi sopo. Akavulala ali pantchito panu, chipukuta misozi chili pamutu panu.

Inu aganyu ndi achinyamata ofuna ntchito m'malo ogona alendo ku Senga Bay, musamaope kupempha pepala poopa kuti akuonani amwano. Mukasemphana ndi abwana yambani mwakambirana, zikakanika pitani kwa a leba, ndipo iwo akalephera nkhani imapita ku khoti la zantchito. Kulikonseko adzayamba akufunsani tsiku limene munayamba ntchito ndi ndalama zimene munapangana. Pepalalo likulungeni mu jumbo, mulisunge pamodzi ndi chiphaso cha unzika, kutali ndi chiswe.