Mwagula kamera yaikulu? Nazi zoti muchite isanayambe kukuzunguzani

Kwa zaka zingapo ndakhala ndikujambula ndi Canon 600D, kamera ya 2011 ija yomwe ambiri tinaphunzirira. Sindidyera kujambula ayi, ndimangokonda: ana pakhomo, kwaya ya kutchalitchi, nthawi zina kukwera phiri la Zomba Loweruka kukajambula damu la Mulunguzi. Mwezi wathawu ndinagula Canon 6D yogwirapo kale ntchito kwa mkulu wina wobwera ndi katundu kuchokera ku Joni. Ndilemba momwe ndinayendera nayo, ndi pomwe ndinapsa.

Choyamba, musanatulutse ndalama. Pitani ndi memory card yanu. Ikani aperture (kukula kwa bowo lolowetsa kuwala mu lenzi) pa f/16, jambulani khoma loyera kapena thambo, n'kukulitsa chithunzicho pa sikirini. Timadontho takuda ndi fumbi la pa sensa, kachipangizo ka mkati komwe kamagwira chithunzi, ndipo limachoka. Mzere wautali ndi chilonda, isiyeni kamerayo. Funsaninso kuti shutter yake, kachitseko komwe kamatseguka n'kutseka mukamajambula, yalira kangati. Ya 6D anaipanga kuti ifike cha m'ma 100,000, ndipo kamera zambiri zobwera kuno zinatopa kale ndi maukwati a eni ake. Wogulitsa akati "yangogwira pang'ono bwana", yang'anani mphira wa pogwirira ndi zilembo za pa mabatani. Zikafufutika, ndiye kuti wakunamizani.

Chachiwiri ndi lenzi, ndipo apa khalani pansi ndikuuzeni.

Kuti ndalama ikwane, ndinagulitsa thupi la 600D, kamera yokhayo, n'kusunga lenzi yake, 18-55mm yomwe imabwera ndi kamera. Maganizo anga anali osavuta: zonse ndi Canon, ndingoisamutsa. Wogulitsa uja anali ndi lenzi yake yomwe tinayesera, ndipo poti anaitchula mtengo wokwera, ndinati ayi, ndili nayo kunyumba. Anangogwedeza mutu osanena kanthu. Linali Lachisanu, ndipo mawa lake kunali chinkhoswe cha mwana wa azakhali anga, komwe ndinali nditalonjeza kale kuti zithunzi musadandaule nazo.

Usiku ndinatenga lenzi kuti ndiimange. Yakana. Ndinatembenuza, ndinayesanso, ndinakankha pang'ono, kenako ndinakankha kwambiri, zomwe ndimachita nazo manyazi mpaka lero. Ndinayamba kumutukwana mumtima mkulu uja kuti wandigulitsa chinthu chopindika. Nditayatsa tochi ya foni m'pomwe ndinaona kuti pakamwa pa 6D pali kadontho kofiira kokha, pomwe lenzi yanga ili ndi kachizindikiro koyera ka ngodya zinayi.

Nkhani yake ndi iyi. Canon ali ndi mitundu iwiri ya malenzi a makamera amenewa: EF, ya kadontho kofiira, ndi EF-S, ya kachizindikiro koyera. Kamera ngati 600D, 700D kapena 60D zili ndi sensa yaing'ono ndipo zimalandira mitundu yonse iwiri, n'chifukwa chake pakamwa pake pali zizindikiro zonse ziwiri. Koma 6D ndi 5D ndi za full frame, sensa yake ndi mamilimita 36 kwa 24, ndipo kagalasi komwe kamadzuka mkati mukamajambula n'kakakulu. Lenzi ya EF-S ili ndi thako lolowa kwambiri mkati mwa kamera, moti kagalasiko kangaigunde. Anachita dala kuti isalowe n'komwe. Choncho usiku umenewo ndinali ndi kamera yopanda lenzi ndi lenzi yopanda kamera. Chinkhoswe ndinajambula ndi foni, 6D ili m'chikwama, azakhali akungondiyang'ana m'mbali.

Ndiye tengani lenzi iliyonse yomwe muli nayo, werengani zomwe zalembedwa kutsogolo kwake. Mukaona EF-S, iwerengereni limodzi ndi kamera yakale pogulitsa. Pa YouTube pali anthu oonetsa kuchotsa kapulasitiki ka kumbuyo kuti ilowe mokakamiza. Musayese, kagalasi kakasweka mudzalira. Chenjeraninso ndi ogulitsa ena m'magulu a pa intaneti omwe angakupatseni Sigma yolembedwa DC kapena Tamron yolembedwa Di II n'kunena kuti "imalowa bwinobwino". Kulowa imalowadi, koma anaipangira sensa yaing'ono, ndipo chithunzi chimatuluka ndi mdima m'makona ngati mukusuzumira mu paipi. Wina anafuna kundigwetsa nayo imeneyi sabata yomweyo.

Njira yotsika mtengo ndi lenzi ya EF 50mm f/1.8 STM. Ndi yopepuka, magalamu 160 okha, ndipo m'nyumba mopanda kuwala imachita zodabwitsa. Dziwani kuti pa 600D lenzi imeneyi imaoneka ngati 80mm chifukwa sensa yaing'ono imadula m'mbali, koma pa 6D ndi 50mm yeniyeni, ndiye mudzapezeka mukusendera pafupi ndi munthu kuposa kale. Zala za kumapazi zimatenga masiku kuti zizolowere.

Chachitatu, kagwiridwe. Mangani lamba musanachite china chilichonse. Thupi la 6D limapitirira pang'ono magalamu 750, pomwe 600D ndi 570. Papepala kusiyanaku n'kochepa. Koma mnzanga atandibwereka 24-105mm f/4L, yomwe payokha ndi magalamu 670, zonse pamodzi zinafika pafupifupi kilogalamu ndi theka, kuwirikiza kawiri zomwe khosi langa linazolowera. Nditayenda nayo ola limodzi m'phiri ndinamva ngati ndasenza mtolo wa nkhuni. Lamba adutse paphewa ndi pachifuwa, osati pakhosi.

Kulemera kukhale m'dzanja lamanzere. Chikhatho chikhale pansi pa lenzi ngati mwanyamula mbale ya ndiwo, zigongono zigunde nthiti, kamera itsamire pachipumi. Dzanja lamanja ntchito yake ndi mabatani basi. Ine ndinazolowera kugwira ndi dzanja limodzi, ndipo tsiku loyamba mkono unaphwanya. Chomwe ndinakonda n'chakuti pogwirira pake n'pozama, chala chaching'ono chimapeza pokhala, sichilendewera m'munsi ngati kale. Kulemerako kumathandizanso kuti manja asanjenjemere. Komabe ndi 50mm liwiro la shutter lisatsike kupitirira 1/60 ya sekondi ngati mulibe potsamira.

Mukaika diso pa viewfinder, kawindo kosuzumira pojambula, mudzadabwa kukula ndi kuwala kwake. Ngati zikuoneka mbuu, kamera siinafe. Pali kagudumu kakang'ono pambali pake, kazungulizeni mpaka manambala a m'munsi aoneke bwino. Mwini wake wakale maso ake si anu.

Chachinayi, mabatani. Gudumu losankhira njira zojambulira, monga M, Av ndi Tv, silizungulira pokhapokha mutadina batani la pakati pake. Pa M, gudumu la kutsogolo ndi la shutter, lalikulu la kumbuyo ndi la aperture, ndiye za pa 600D zogwira batani la Av uku mukuzunguliza zija zatha. Gudumu la kumbuyo likakana, onani kaswitchi ka LOCK m'munsi mwake. Kasikirini ka pamwamba kamaonetsa ISO (mlingo wa momwe sensa imamvera kuwala) ndi zina zonse, zolowerani kuyang'ana pamenepo. Pa focus sankhani kadontho ka pakati. Timadontho tilipo 11 koma kapakatiko ndi kamene kamagwira ngakhale kuli mdima, enawo ndi aulesi.

Pali zinthu ziwiri zomwe mudzazisowa. Sikirini ya 6D siitembenuka, ndiye kujambula mwana wokwawa ndi kugona pansi basi. Ilibenso fulashi ya pamutu. Poyamba zinandikwiyitsa, koma pa ISO 3200 m'tchalitchi zithunzi zimatuluka zoyera moti kugula fulashi ndakusiya kaye.

Batire nalonso ndi lina. La 600D ndi LP-E8, la 6D ndi LP-E6, matchaja ake nawonso ndi osiyana, ndiye onetsetsani kuti wogulitsa wakupatsani tchaja. Gulani lachiwiri, poti magetsi athu mukuwadziwa. Ndinagula lina lotchipa mu tauni lolembedwa Canon mokongola, kamera inakana kuonetsa moto wotsala, ndipo linafa ndisanajambule zambiri. Lowaninso mu menu muzimitse GPS. Mukaisiya, imapitiriza kudya batire ngakhale kamera mwaizimitsa, m'mawa mudzapeza latha.

Zotsalazo n'zachidziwikire. Memory card ichiteni format, kutanthauza kufufuta zonse n'kuikonza mwatsopano, mu kamera momwemo, osati pa kompyuta. Malo ake ndi amodzi okha, ndiye musagule za pamsewu zolembedwa 128GB pa mtengo wa fanta ziwiri. Fayilo imodzi ya RAW, chithunzi chosakonzedwa ndi kamera, imapitirira 20MB, konzani malo pa laputopu. Konzani deti ndi nthawi. Posintha lenzi, zimitsani kamera, pakamwa payang'ane pansi, ndipo fumbi la mu Okutobala musalipatse mpata. Gulani kampira kopopera mpweya, osapemerera ndi pakamwa. Mafyuluta anu a 58mm sakwananso, 50mm ija imafuna 49mm.

Chikwama chakale nachonso sichitseka zipi. Panopa ndikuinyamulira m'chikwama cha sukulu cha mwana wanga, nditaikulunga m'chitenje.