Musanasankhe dziko lotengako mwana woti mulere

Mabanja a kwathu amene amandikokera pambali tikaweruka m'tchalitchi kuno ku Manchester amayamba ndi funso limodzi: ndi dziko liti limene limapereka mwana msanga? Ndimawamvetsa, chifukwa ine ndi bambo a kunyumba tinakhalapo m'nyumba ya zii kwa zaka, tikuyankha mafunso a achibale pa foni. Koma yankho langa silisintha. Dziko limene mwana amapezeka msanga ndi limene muyenera kuliopa.

Guatemala ankatulutsa ana ambirimbiri, mpaka zinadziwika kuti ena ankabedwa kapena kugulidwa kwa amayi osauka, ndipo khomo linatsekedwa mu 2008. Kenya anaimitsa mu 2014, Ethiopia analetsa mu 2018, ndipo China, amene anatumiza ana kunja kwa zaka zoposa 30, anasiya mu 2024. Mabanja ena anatsala ndi chithunzi cha mwana pakhoma, ndalama zitapita. Boma la Britain lili ndi mndandanda wa mayiko amene silikulola kutengako ana popanda chilolezo chapadera: Cambodia, Ethiopia, Guatemala, Haiti, Nepal ndi Nigeria. Tsegulani tsamba la boma pa intaneti muone mmene mndandandawo ulili lero musanalankhule ndi wina aliyense.

Ndipo musayambe ndi kufunafuna mwana. Yambani ndi kuunikidwa inuyo. Imbirani khonsolo ya m'dera lanu, idzakulozerani bungwe lovomerezeka loona za ana ochokera kunja, monga Coram IAC. Muyenera kukhala ndi zaka 21 kapena kuposa. Adzafufuza mbiri yanu kupolisi, dokotala adzakuyezani, anthu okudziwani adzafunsidwa, ndipo wa zosamalira anthu adzabwera kunyumba kwanu kangapo kudzafunsa za ubwana wanu, ngongole zanu, mikangano ya m'banja, ngakhale mmene munalirira mimba zimene zinapita padera. Kwa ife oleredwa kuti za m'nyumba sizituluka pakhomo, izi zimawawa. Yankhani zoona basi. Kuunikaku kumatenga miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa, ndipo mumalipira nokha. Mukavomerezedwa, unduna wa zamaphunziro umapereka satifiketi yotsimikiza kuti ndinu oyenera. Kulowetsa mwana m'dziko muno mutadumpha njira imeneyi ndi mlandu woti munthu angamangidwe nawo, ngakhale mwanayo akhale wa mchemwali wanu.

Poyerekeza mayiko, funsani ngati dzikolo linalowa m'pangano la ku Hague la 1993. Panganoli limafuna kuti dziko liyambe layesa kupezera mwana banja kwawo komweko, kuti mayi avomereze mwana atabadwa kale popanda kupatsidwa ndalama, komanso kuti pakhale ofesi imodzi ya boma yoyang'anira zonse. South Africa, Zambia, India ndi Bulgaria analowamo. Sikuti kumeneko kulibe chinyengo, koma pali poti mungakadandaule. Dziwaninso kuti m'mayiko ngati Bulgaria ana amene amapita kunja kawirikawiri ndi okulirapo, apachibale ofunika kutengedwa limodzi, kapena odwala ndi olumala. Khalani pansi awirinu muuzane moona mtima zimene mungakwanitse. Mayiko monga Pakistan ndi Morocco amangokupatsani udindo woyang'anira mwana, choncho mudzafunika kupitanso kukhoti kuno.

Ambiri a ife mtima umathamangira ku Malawi, ndipo ife tinasankha komweko. Mwana akakula adzamva chilankhulo chake m'nyumba, adzadya nsima ndi chigwada, ndipo tikapita kutchuthi adzaponda dothi la makolo ake. Koma Malawi sali m'pangano la ku Hague, ndiye ntchito yofufuza imagwera inu. Nkhani imapita ku Khoti Lalikulu, ndipo a Social Welfare ndiwo amaimira mwanayo ndi kulemba lipoti. Lamulo lake limanena kuti wotenga mwana akhale wokhala m'dzikomo. Mukukumbukira kuti mu 2009 Khoti Lalikulu linakaniza Madonna mwana wachiwiri pa mfundo imeneyi, kenako khoti la apilo linamulola. Musadalire kuti inunso zidzakuyenderani choncho. Pezani loya amene wagwirapo milandu yotereyi, akuuzeni mmene khoti lingaonere kakhalidwe kanu ka uku ndi uko. Funsaninso loya wa kuno ngati chigamulocho chidzazindikirika ku Britain kapena mudzafunika chigamulo china, ndi mmene viza ya mwanayo idzayendere.

Apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo. Ana ambiri amene ali m'nyumba zosungira ana amasiye ali ndi kholo kapena achibale amoyo. Anawasiya kumeneko chifukwa mayi anamwalira pobereka ndipo panalibe mkaka, kapena chifukwa cha njala ndi fizi. Agogo oterewa akamva kuti mwana akupita ku Ulaya, amaganiza za kulera kumene timakudziwa kumudzi: mwana akaphunzire, adzabwerenso kudzatithandiza. Amadinda chala pa pepala lachingerezi osadziwa kuti lamulo likudula ubale wonse, kuti mwanayo sadzakhalanso wawo pamaso pa boma. Pitani nokha kumudziko pamodzi ndi wa Social Welfare wa m'bomalo. Kumanani ndi atsibweni a mwanayo ngati ndi kwa Achewa, Ayao kapena Alhomwe, chifukwa mwini mbumba ndi iwowo. Kumadera ambiri a kumpoto ndi kwa Asena a ku Chigwa cha Shire funani akuchimuna. Aonekerenso amfumu. Fotokozani m'chilankhulo chawo kuti mwanayo sadzabwerera kudzakhala nawo, ndipo muwapatse nthawi yokambirana inu mutachoka. Musanyamule ndalama kapena malonjezo a malata ndi feteleza pa ulendo umenewu. Akakana, kapena wachibale wina akanena kuti angathe kumulera atathandizidwa pang'ono, mwanayo si woti achoke. Zimapweteka, koma ndi bwino kumva kukanako lero kusiyana ndi kudzamva mwana wanu ali ndi zaka 18 akukufunsani kuti munamutenga bwanji amayi ake ali moyo.

Funso lomwelo ndi loyezera dziko lina lililonse. Ngati simungathe kufika kumene mwana anachokera, ngati bungwe likukuletsani kuonana ndi achibale ake popanda chifukwa chomveka, ngati mapepala a ana angapo akunena nkhani yofanana yakuti anatoledwa pamsika, bwererani. Wina akakutumizirani zithunzi za makanda pa WhatsApp kapena Facebook n'kupempha ndalama yosungitsira, ameneyo ndi wogulitsa ana. Ndalama iliyonse ilowe ku akaunti ya bungwe kapena ya loya, ndipo mulandire lisiti.

Ganiziraninso mtunda. Dziko limene mwasankha mudzakhala mukupitako moyo wanu wonse, choncho werengerani matikiti a ndege, masiku a tchuthi kuntchito, komanso ngati m'tauni mwanu muli anthu a mtundu wa mwanayo.

Mukamabwera naye, sungani chilichonse: satifiketi yobadwira, kalata za imfa ya makolo, buku lake la kusikelo, chigamulo cha khoti, mayina a achibale ndi mudzi wawo, ndi zithunzi za amene ankamusamala. Musamuchotsere dzina limene anapatsidwa kwawo. Ngati chigamulo cha kunjacho sichizindikirika kuno, dziwitsani khonsolo pasanathe masiku 14 mwanayo atafika, ndipo akakhala nanu miyezi isanu ndi umodzi mutha kukapempha chigamulo ku khoti la mabanja.